Munda wa Amayi Pansi pa Dzina la Alamu

Kwathu ku Kaomba anthu mpaka lero amati ndimakonza makompyuta. Ndikafika kumudzi wina amandibweretsera foni yosweka galasi, wina wailesi yosalankhula, ndipo ndinatopa nako kufotokoza. Ntchito yanga ndi kulemba mapulogalamu. Imene ndikufuna kunena pano ndi pulogalamu yaing'ono kuposa onse amene ndinalembapo, yosadzaza n'komwe tsamba limodzi. Ndikaikumbukira mtima umandiwawa, ndipo sindibisa, ndikadali wokwiya.

Chaka chimenecho kampani ina yogula fodya inandilemba ntchito ya miyezi yochepa pa ofesi yake ya pa boma la Kasungu. Inkalembetsa alimi onse ofuna kulima nayo fodya wa mtundu wa bale pa mgwirizano, kuti aliyense alandire khadi lotengera feteleza ndi kugulitsira fodya wake. Alangizi ankayenda pa njinga zamoto ndi matabuleti. Akafika pamunda ankazungulira malire ake kuti makina ajambule mapu, kenako n'kufunsa mafunso. Zonse zimene asonkhanitsa zinkafika pa kompyuta yanga ngati fayilo ya mtundu wa JSON.

Amene sanaionepo asaope dzinalo. Ndi mawu wamba, kungoti amalembedwa mwa dongosolo loti makina azitha kuwerenga. Munda uliwonse unali ndi kaphukusi kake, ndipo m'kaphukusimo munali mafunso ndi mayankho ake. Panali pakuti mudzi, ndi yankho lake. Panali pakuti mwini malo, pakuti mutu wa banja, pakuti nambala ya foni, pakuti kukula kwa munda. Mafunsowo anali m'Chingerezi, koma tanthauzo lake ndi limenelo. Vuto linali lakuti timaphukusito tinkabwera mosakanikirana, monga mmene alangizi ayendera tsiku limenelo. Ntchito yanga inali kutisanja mwatsopano m'magulu, gulu lililonse likhale pansi pa mawu amodzi. Mawu amenewo pa ntchito yathu timawatcha kiyi. Fodya akasokedwa timamupachika pa mkangala, ndipo ukanyamula mkangalawo wanyamula masamba onse. Kiyi ndi mkangala wa fayilo.

Wolemba waulesi amakhomerera kiyi m'kati mwa pulogalamu, kuti izisanja ndi mudzi basi mpaka kalekale. Mawa bwana akafuna zina, ayambirenso kulemba. Ine ndinafuna kuonetsa kuti sukulu sinapite padera. Ndinasiya malo a kiyi opanda kanthu, kuti pulogalamu izifunsa pa nthawi yoiyendetsa. Ukaiuza kuti mudzi, imayenda kaphukusi ndi kaphukusi, kuona yankho la mudzi, n'kuika munda uliwonse pansi pa mudzi wake. Ukaiuza kuti mwini malo, minda yomweyo imasanjika pansi pa eni ake. Kiyi yosinthika imeneyi ndinkainyadira kwambiri, moti ndinkaitana aliyense wodutsa pa desiki yanga kuti adzaone.

Tsiku lina ndikuyesa pulogalamuyo ndinalemba dzina la mudzi wathu, ndipo pakati pa minda imene inatuluka ndinaona munda wa amayi. Ndinauzindikira ndisanawerenge dzina. Mapu ake anali ndi khona lija lopindika pamene malire amazemba chulu, ndi mchira wautali wotsikira kudambo.

Amayi atamwalira munda umenewu unatsala m'manja mwa alongo anga aakulu, monga mwa mwambo wathu, pakuti malo amayenda ndi ana aakazi. Ine monga mwana wamwamuna ndine mwinimbumba. Sindilima pamenepo, koma udindo wanga ndi kuona kuti alongo ndi ana awo asasokonezedwe ndi munthu. Amuna awo, alamu anga, kwawo ndi ku Lukwa, ndipo kwathu anabwera chikamwini. Ndi munthu wa mawu okoma, wodziwa kusita malaya. Nthawi yothirira nazale msana unkawavuta, nthawi yopalira unkawavutabe, koma ikafika nthawi yodinda mabelo msanawo unkachira wokha. Fodya wa pamunda paja anali wa manja a alongo, kuyambira kufesa mpaka kusankha masamba, ndipo mudzi wonse unkadziwa.

Mlangizi amene anafika kwathu analemba zoona. Pa mwini malo panali dzina la alongo. Pa mutu wa banja panali dzina la alamu. Sindinadabwe. Mayi wa kwathu, ngakhale atakhala kuti ndiye amagwira khasu ndi kusunga ana, ukamufunsa pamaso pa mwamuna wake kuti mutu wa banja lino ndani, amayang'ana pansi n'kunena kuti ndi bambo. Ndi ulemu, ndiponso ndi zimene amamva kutchalitchi. Sakutanthauza kuti wapereka munda wa amake. Ndinayendetsa pulogalamu ndi kiyi ya mwini malo, dzina la alongo linakwera pamwamba. Ndinayendetsanso ndi mutu wa banja, la alamu linakwera, la alongo n'kutsikira m'kati mwa kaphukusi. Ndinaseka pang'ono, chifukwa nthawi imeneyo zinali ngati masewera.

Kenako kunabwera bwana woyang'anira ntchito yonseyo kuchokera ku Lilongwe, kudzagamula mmene fayilo yosindikizira makhadi ikhalire. Anali munthu waulemu, wosakweza mawu, wa mtundu uja umakumvetsera uku akuyang'ana wotchi. Tinakhala m'kachipinda ka misonkhano, fani ikuzungulira mwaulesi. Ndinawaonetsa mmene pulogalamu imasinthira kiyi, iwo n'kugwedeza mutu mokondwa.

"Zabwino kwambiri," anatero bwana. "Ndiye musanje ndi mutu wa banja. Akuluakulu athu malipoti awo onse amawerenga mabanja."

Ndinati, "Bwana, midzi yambiri kuno ndi ya chikamwini. Munda ndi wa mayi, bambo adangobwera kudzakwatira. Tikasanja ndi mutu wa banja, minda ya azimayi ipita pansi pa maina a amuna awo, ndipo khadi lituluka m'dzina la munthu amene alibe malo."

"Kodi si banja limodzi?" anafunsa bwana. "Amadyera pamodzi, amagona nyumba imodzi."

"Lero inde," ndinayankha. "Nanga banja likatha?"

Bwana anaseka, ena m'chipindamo n'kuseka nawo monga amachitira anthu bwana akaseka. "Inu mukuthetsa mabanja a eni ake tisanayambe n'komwe ntchito," anatero. "Komanso si mwanena nokha kuti kiyi ndi yosinthika? Tiyambe ndi iyi. Zikavuta tidzasintha, ndi mawu amodzi basi."

Pamenepo ndiye pamene pamandipsetsa mtima mpaka lero. Luso langa lomwe ndinkaitanira anthu kuti adzaone, ndi limene anandimenya nalo pakamwa. Chikhala kuti ndinalemba pulogalamu yaulesi, yokhomerera mwini malo m'kati, bwenzi bwana atangodandaula za nthawi n'kuvomera zimene zilipo. Koma popeza kusintha kunali kosavuta, iwo anaona kuti palibe chifukwa choganizira mozama. Ndinalimbikirabe. Ndinapempha kuti mwina khadi likhale ndi maina awiri. Anati malo pakhadi ndi ochepa. Ndinapempha kuti tifunse alangizi amene amadziwa midziyo. Anati mvula siyembekeza msonkhano wina. Madzulo a tsikulo ndinalemba imelo kubwereza zomwezo, ndipo yankho linali mawu awiri othokoza. Fayilo inapita kosindikiza ili yosanjidwa ndi mutu wa banja.

Makhadi atagawidwa ndinapita kumudzi Lamlungu lina. Ndinakumana ndi alongo ndi alamu pakhomo, anthu akuchokera kutchalitchi. Alamu anandipatsa moni wa manja awiri, kenako anatulutsa khadi m'thumba la malaya, lonyezimira, chithunzi chawo chili pakona.

"Ntchito yanu taiona, alamu," anatero. "Mwatikweza."

Ndinadikira kuti alowe m'nyumba, n'kutsatira alongo kuchigafa choumitsiramo fodya, kumene ankaona mizati imene chiswe chadya. Iwo sanditchula dzina. Amanditcha atsibweni, monga amanditchulira ana awo. Ndinawafotokozera kuti khadi lija linayenera kukhala lawo, ndipo kuti ku ofesi ndinayesa koma anandikana.

Alongo anaseka. "Atsibweni, khadi limalima? Asiyeni anyamule, mwina nawonso amveko kuti pali chimene anyamula."

Ndinaseka nawo, chifukwa zinali zoseketsa, ndipo chifukwa ndinkafuna kukhulupirira kuti nkhawa yanga ndi ya munthu wa m'tauni. Ntchito yanga pa kampani ija inatha mvula itangoyamba. Ndisanachoke ndinalembanso kukumbutsa za kiyi ija, koma sindinayankhidwe. Ndinabwerera ku Lilongwe kukafuna maganyu ena.

Fodya wa chaka chimenecho anachita bwino. Alongo ankanditumizira zithunzi pa foni ya mwana wawo wamkazi: masamba otambalala mpaka kutseka mizere, kenako chigafa chodzaza, mikangala itathithikana. Zimene sanandiuze ndi zakuti alamu anali atayamba kugona ku Lukwa masiku ambiri, akuti kukaona amayi awo odwala. Mudzi wonse unkadziwa kuti kumeneko kuli mkazi wina, wachitsikana, amene anamutengera kwawo chitengwa. Alongo anasunga zimenezi mumtima, nasankha fodya wawo, namanga masamba m'ndindi, nabwereka jeke yopanikizira fodya, nadinda mabelo.

M'mawa wina foni yanga inalira ndili pa minibasi. Anali alongo, ndipo mawu awo anali ouma.

"Atsibweni, fodya wapita."

Anafotokoza kuti lole ya kampani inabwera kudzatenga mabelo a alimi a m'dera lathu, ndipo alamu anatulukira ali kutsogolo pafupi ndi dalaivala, khadi lili m'manja. Mlangizi anamata zizindikiro za nambala ya khadilo pa belo lililonse. Alongo atanena kuti fodyayo ndi wawo, mlangizi anawaonetsa tabuleti. Munda unali pansi pa dzina la alamu, ndipo fodya wochokera m'munda umenewo sakanagulitsidwa pa dzina lina. Mlangiziyo sanali woipa. Ndi yemwe uja analemba zoona poyamba, ndipo akuti ankalephera kuwayang'ana alongo kumaso. Koma mabelo anakwera. Zonse zimene fodyayo anabala zinalowa ku akaunti ya mwini khadi, ndipo kwathu kunafika shuga ndi chitenje chimodzi.

Ndinapita kumudzi sabata yomweyo, n'kuitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. A kwa alamu anati banja silinathe, mwana wawo wangowonjezera nyumba, ndipo fodya wa banja ndi wa banja. Alongo anamvetsera mpaka anamaliza, kenako anati iwo banjalo sakulifunanso. Zinatenga misonkhano ingapo, koma linatha. Za munda panalibe mkangano ngakhale pang'ono. Aliyense anavomera kuti ndi wa alongo, wochokera kwa amayi awo. Ngakhale alamu anavomera, akumwetulira. Ine ndinabwerera ku Lilongwe ndikudzitonthoza kuti fodya wa chaka chimodzi wapita, madzi akatayika sawoleka, koma nthaka yatsala ndipo chaka chamawa alongo adzalembetsa okha.

Nthawi yolembetsa itafika, mlangizi anabwera, nazungulira malire ndi alongo, kuzemba chulu, kutsika kudambo, kukweranso. Atamaliza tabuleti inakana. Inati munda umenewu uli kale ndi mlimi. Kampani inali ndi lamulo lakuti munda umodzi ukhale ndi mlimi mmodzi, pofuna kuletsa anthu kutenga feteleza kawiri pa malo amodzi. Lamulolo ndi labwino, sindikulitsutsa. Kungoti mlimi amene makina ankamudziwa anali ku Lukwa, akusita malaya.

Wina anganene kuti bwanji sanangobzala soya, kapena kulima fodya payekha. Wonena zimenezo sanakhalepo pa nthaka ya mchenga ngati yathu, imene popanda feteleza imakupatsa masamba ngati a mpiru. Ndipo wopanda khadi amagulitsa kwa mavenda a sikelo zokhota, amene amabwera iwe uli ndi njala. Alongo anali ndi chigafa, anali ndi luso m'manja, anali ndi ana oti adye. Chimene ankasowa ndi dzina lawo pamwamba pa munda wawo.

Ndinapita ku likulu la kampani ija ku Lilongwe. Bwana uja anandilandira ngati m'bale, nandiitanitsira tiyi.

"Pulogalamu yanu ija ndi yodabwitsa," anatero. "Tikuigwiritsa ntchito m'maboma ena tsopano. Sinativutitsepo."

Ndinawafotokozera za alongo. Ndinawakumbutsa mawu awo, akuti zikavuta tidzasintha. Ndinati zavuta, ndipo si kwathu kokha, chifukwa mlangizi anandiuza kuti azimayi otere akumana nawo m'midzi ingapo. Bwana anachita nkhope yachisoni, natembenuzira laputopu yawo kwa ine kuti ndione ndekha. Ndinatsegula fayilo imene inkagwiritsidwa ntchito nthawi imeneyo, ndinapeza dzina la alamu, n'kutsegula kaphukusi ka munda wathu. Munali mudzi, mapu, kukula kwa munda, nambala ya foni. Funso la mwini malo munalibe.

"Zili kuti zina?" ndinafunsa.

Bwana anafotokoza modekha kuti ine nditachoka alangizi anadandaula kuti fayilo ikuchedwa kutsika m'matabuleti chifukwa netiweki ya kumidzi ndi yofooka. Choncho anauza anyamata awo kuti aipepuze, achotse mafunso onse amene makhadi ndi malipoti sawagwiritsa ntchito. Mwini malo sankaoneka pa khadi kapena pa lipoti, ndiye anapita nawo. Ndinafunsa za mafayilo oyamba aja, osasanjidwa. Anati amenewo ankasungidwa ndi kampani ina imene inabweretsa matabuleti, ndipo mgwirizano wawo ndi iwo unatha.

Pulogalamu yanga inali pomwepo, yathanzi, yokonzeka kufunsa kuti ndisanje ndi chiyani. Koma kiyi yosinthika imasankha pa zimene zili m'kaphukusi. Ukaiuza mawu amene mulibe, imakubwezera gulu limodzi lopanda dzina, minda yonse ya boma lathu itaunjikana pamodzi. Ndinayesa, bwana akuonerera, ndipo zinatero ndithu.

"Musataye mtima," anatero bwana. "Njira ilipo. Mlimi wolembetsedwa akhoza kusamutsira munda kwa wina. Angosaina pamaso pa mlangizi kuti wavomera."

"Mlimi wolembetsedwayo ndiye anathawa ndi fodya," ndinatero, ndipo mawu anga anakwera moti mlembi wawo amene anali panja anasuzumira.

"Ndikumvetsa," anayankha bwana. "Koma ife sitilowerera nkhani za m'banja."

Anthu amene anasankha okha kuti munda wa mkazi ukhale pansi pa mwamuna, tsiku limenelo anandiuza kuti salowerera nkhani za m'banja. Tiyi uja ndinamusiya osamwa. Ndinatuluka nkhope itasintha ndi mkwiyo, ndipo pa geti mlonda anandifunsa ngati ndikudwala.

Panatsala njira imodzi yomweyo. Ine mwinimbumba, amene mkamwini amayenera kundigwadira akafuna kadimba kobzala mpiru, ndinakwera kabaza kupita ku Lukwa kukapempha mkamwini kuti atibwezere munda wa amayi. Kunali kotentha, fumbi la m'minda yosalimidwa likuuluka. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndiugwire mtima, chifukwa khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndinawapeza alamu atakhala pampando pakhonde la nyumba yofolera malata atsopano. Mkazi wachitsikana uja anandiyalira mphasa pansi, nagwada, nandipatsa moni mwaulemu. Ndinakhala pamphasapo, maso anga akulingana ndi mawondo a alamu. Tinafunsana za moyo, za mvula, za amayi awo aja, amene ndinawaona akusenza mtolo wa nkhuni ali bwinobwino. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera.

"Alamu, munda uja mudavomera nokha pamaso pa ankhoswe kuti ndi wa alongo."

"Ndi wawo ndithu," anatero alamu. "Ine ndingalande bwanji malo a eni ake? Ndidaleredwa bwino ine."

"Ndiye tasainani kuti mlangizi asinthe dzina."

Alamu anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumva chisoni kuti sangathandize. Anafotokoza kuti kuno ku Lukwa malo awo ndi ochepa, ndipo khadi lawo limalemera chifukwa cha munda wa ku Kaomba. Feteleza amene kampani imapereka amatengera kukula kwa minda ili pa khadi. Komanso fodya wa chaka chatha anali wabwino kwambiri, moti kampani inawaika m'gulu la alimi odalirika. Akachotsa munda uja, khadi litsala chigoba.

"Fodya wabwinoyo adalima ndani?" ndinafunsa.

"Tidalima ngati banja," anayankha, osaphethira n'komwe.

Ndinawauza kuti ndipita nazo ku bwalo. Anati ndipite, koma milandu ya kubwalo imatenga nthawi, ndipo mvula ya chaka chino ndi ya chaka chamawa zidzadutsa tikadali kuyenda. Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndizo zinandiwawa kwambiri. Kenako anaweramira kwa ine, natsitsa mawu ngati akundichitira chifundo.

"Taonani, alamu, ana aja ndi anganso, sindingafune kuti avutike. Mayi awo alime pamunda pawo pomwepo, palibe wowaletsa. Feteleza ndizitenga ine pa khadi n'kuwatumizira. Fodya akauma, ndidzabwera kudzatenga, n'kuwapatsa gawo lawo titachotsa zolowa. Monga timachitira ndi matenanti."

Mawu omalizawo anawanena mopepuka, ngati akutchula mtundu wa mbewu. Ife a kuno matenanti timawadziwa. Ndi mabanja ochokera m'maboma akutali, amene amabwera pa lole ndi miphika yawo kudzalima m'maesiteti a ena, chifukwa kwawo alibe malo. Tili ana tinkawamvera chisoni, nthawi zina tinkawaseka, Mulungu atikhululukire. Sizinalowepo m'mutu mwanga kuti munthu angakhale tenanti pa nthaka imene pali manda a amake patali pang'ono. Ndinaimirira osatsazika. Mkazi uja anandithamangira ndi nsawawa za m'mbale kuti ndinyamule, ine n'kukana, ngakhale iye analibe mlandu.

Ndinafika ku Kaomba dzuwa litapendeka. Pakhomo ana anandiuza kuti alongo ali kudambo. Ndinatsika ndi kanjira ka m'mphepete mwa munda, mizere yakale ili mbee, yosagalauzidwa. Ndinawapeza akuthirira nazale. Sanadikire yankho la ku ofesi kapena la ku Lukwa, anali atafesa kale, chifukwa nthawi yofesa ikakwana munthu wa fodya sakhala pansi. Mabedi anali atavundikiridwa udzu wopyapyala, ndipo pansi pake timbande tinali titatuluka, tobiriwira, tothithikana.

Anaika khekheni pansi, napukuta manja pachitenje, nandiyang'ana. Ndinawauza zonse, za ku Lilongwe ndi za ku Lukwa, osachotsa kanthu. Nditafika pa mawu aja a matenanti ndinafuna kuwazemba, koma ndinawanena. Kenako ndinayamba kulankhula mofulumira. Ndinati tisavomere, tipite ku bwalo, ndilemba makalata, ndipeza loya, chaka chino ndiwathandiza ine ndi zochepa zimene ndimapeza, munda ugone.

Alongo anamvetsera osandidula. Anafunsa funso limodzi lokha. "Bwalo limenelo ligamula mbande izi zisanakule?"

Ndinati ayi.

"Nanga inu zanu zochepazo zidyetsa nyumba ziwiri mpaka liti?"

Iwo anawerama, nazula kaudzu pakati pa mbande, nakataya. Anakhala chowerama nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akulira, koma mosatulutsa mawu, misozi ikungogwera pa bedi. Kuyambira pa maliro a amayi ndinali ndisanawaonepo akulira. Ndinaima pamenepo ndi nsapato zanga za m'tauni zitamira m'matope, ndikudana ndi bwana uja, ndi alamu, ndi ntchito yanga yomwe.

Pomaliza anaweramuka, napukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja, nanyamula khekheni kulunjika kuchitsime. Atayenda pang'ono anaima, osatembenuka.

"Atsibweni, nambala yawo muli nayo. Muwaimbire abwana anga a ku Lukwa, muwauze kuti nazale yamera bwino, feteleza asachedwe."